Rimoti Yachiwiri

1. Katoni ya Amalume

Tiza anali mtsikana wa Giredi 9. Ankakhala ku Bwacha, mumzinda wa Kabwe, ndi amayi ake, a Dailes, pamodzi ndi agogo ake aamuna, a Langford Daka. Nyumba yawo inali yaing'ono. Chipinda cha Tiza chinagundana khoma ndi pabalaza, moti munthu akatsokomola mbali ino, wa mbali inayo ankamva.

A Daka anachoka ku Petauke ali mnyamata, nagwira ntchito yoyang'anira akaidi ku jele ya Mukobeko mpaka anapuma. Anali munthu wamtali, woyenda chowongoka. Koma chaka chapitacho anadwala sitiroko, ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Kuyambira pamenepo ankaswera pampando wa pabalaza, moyang'anana ndi TV, dikoda ndi makina awo a nyimbo okhala ndi masipika mbali zonse. Nyimbo zakale za rumba ndi kalindula ndizo zinali abwenzi awo.

Vuto linali lakuti masoketi onse anali kuseri kwa kabati. Magetsi ankathima kawirikawiri, ndipo pobwerera nthawi zina ankabwera mwamphamvu. Dikoda yawo yoyamba inapsa motero. Choncho magetsi akangothima, agogo ankaitana Tiza kuti adzazimitse zonse pakhoma, ndipo akabwera ankamuitananso kuti adzayatse. Iye ankakwawira kuseri kwa kabatiyo n'kutuluka ali ndi ulusi wa kangaude m'tsitsi, agogo akuseka.

Sankamutchula dzina lake. Ankamuitana kuti Sajeni, chifukwa ndiye ankawapatsa mankhwala, ndipo sankachoka pamaso pawo mpaka atameza.

Loweruka lina amalume ake a Tiza, a Oliver, anabwera kuchokera ku Lusaka ndi katoni yaing'ono. M'katimo munali masoketi atatu oyera ndi timarimoti tiwiri, tochepa ngati bokosi la machesi. A Oliver analowetsa masoketi atsopanowo mu akale a pakhoma, kenako analumikiza TV pa soketi yoyamba, dikoda pa yachiwiri, makina a nyimbo pa yachitatu. Rimoti imodzi anaimangirira kachingwe n'kuwaveka agogo padzanja lamanzere kuti isamagwe pansi.

"Atate, manje simufunika kuitana munthu," anatero a Oliver. "Mukafuna nyimbo, dinani apa. Malaiti akayenda, dinani aka kapansi, vonse vizazima."

Agogo anadina ndi chala chachikulu. Kuseri kwa kabati kunamveka kaphokoso kakang'ono, kanyale kofiira kanayaka, ndipo gitala anadzaza nyumba. Anazimitsa. Anayatsanso. Anabwereza kangapo ngati mwana amene wapatsidwa toyi, mbali yamoyo ya nkhope yawo ikumwetulira.

"Sajeni, wachotsedwa ntchito ya kuseri kwa kabati," iwo anatero. "Lero ndapatsidwa miyendo."

A Oliver atapita, amayi anatenga rimoti yachiwiri ija n'kuiika m'kachitini ka mabatani, m'chipinda mwawo. Anali telala pamsika, ndipo timachitini totere anali nato tambiri. Asanatseke anaitana Tiza.

"Mvetsera, mwana wanga. Aka ni kosungira, ngati kaja kasowa kapena kawonongeka. Si kosewera nako. Agogo ako anali munthu wolamula, ankatsegula na kutseka mageti akuluakulu. Manje ngakhale kapu ya madzi afunika kupempha. Waona mmene amachitira manyazi nikawanyamula kupita kubafa. Iwe uona monga ni kanthu kang'ono, koma kwa iwo ni chinthu chimodzi chabe m'nyumba muno chimene chiwamvera popanda kupempha. Usakagwire, usakabwereketse, usakaonetse anzako. Wamva?"

Tiza anati wamva.

2. Phokoso

Mwezi wa Okutobala unafika ndi kutentha kwake, ndipo mayeso anayandikira. Ana a Giredi 9 ankaweruka masana kuti akawerenge kunyumba. Masabata amenewo magetsi a ku Bwacha ankabweranso masana omwewo.

Makutu a agogo anali atayamba kugontha, choncho ankakweza nyimbo kwambiri. Khoma la chipinda cha Tiza linkanjenjemera, pensulo n'kumagubuduzika yokha patebulo. Anayesa kuwerengera pansi pa mtengo wa mango, koma ana a nyumba yoyandikana ankasewera mpira pomwepo. Anayesa kutseka makutu ndi thonje, koma ng'oma zinkalowa ndithu.

Atadandaula kwa amayi ake, iwo anamuuza kuti apirire, popeza nyimbozo zinali mankhwala a agogo. Tsiku lina anaima pakhomo la pabalaza kuti awapemphe yekha. Anawapeza atatsinzina, phazi lamoyo likuponda pansi motsatira ng'oma. Anangowathirira madzi m'kapu n'kubwerera.

Mnzake wapamtima anali Lweendo, mtsikana wa ku Natuseko, wanzeru pa masamu ndiponso wofulumira pakamwa. Masana ena anabwera kuti awerengere limodzi. Atangokhala pabedi anagwira makutu.

"Iwe Tiza, apa munthu angawerenge bwanji? Monga tili mu minibasi."

Tiza anaseka, namufotokozera za masoketi a amalume. Pofuna kukometsa nkhani anatchulanso za rimoti yachiwiri imene inali m'kachitini. Maso a Lweendo anawala. Anati kwa azakhali ake kuli masoketi otero, ndipo rimoti yake si ngati ya TV yofuna kulozetsa. Imagwira ngakhale pakati pali khoma.

"Uzimya chabe masipika," anatero. "Azaganiza ni malaiti. Ukasiliza kuwerenga, uyatsa futi. Palibe amene azafa."

Tiza anakana, nati amayi anamuletsa. Lweendo anangokweza mapewa, ndipo anawerenga movutikira mpaka dzuwa linapendeka.

M'mawa mwake aphunzitsi a sayansi anabweza mapepala a mayeso oyeserera. Pepala la Tiza linali lofiira ndi zolemba za aphunzitsi. Anamuuza pamaso pa kalasi kuti akapitiriza chonchi, malo a Giredi 10 adzawaonera patali.

Atafika kunyumba anapeza amayi ali kumsika, nyimbo zili pamwamba. Anapatsa agogo moni, nawapatsa mankhwala. Kenako analowa m'chipinda cha amayi ake, natsegula kachitini ka mabatani.

3. Chete

Anakhala pabedi lake, buku lili pamiyendo, nadina batani lachitatu. Nyimbo inaduka pakati pa mawu a woimba. Nyumba yonse inati zii.

"Sajeni, malaiti ayenda?" agogo anafunsa kuseri kwa khoma.

"Siniziba, Agogo," iye anayankha.

Koma firiji inkalirabe kukhitchini, ndipo agogo anaimva. Patapita kanthawi anadina rimoti yawo, nyimbo n'kuyambanso. Tiza anadikira pang'ono, nadinanso yake. Zinachitika motero kangapo, mpaka agogo anasiya. Masana amenewo Tiza anamaliza mutu wonse wa sayansi. Amayi asanabwere anabweza rimotiyo m'kachitini.

Madzulo agogo anauza a Dailes kuti soketi yachitatu yawonongeka. A Dailes anaiyesa, ndipo inagwira bwinobwino. Nyimbo zinaimba nthawi yonse imene ankaphika popanda kuduka.

"Kapena munadina mosadziwa, Atate," iwo anatero akutola mbale. Sanalankhule ndi mtima woipa. Koma agogo anayang'ana dzanja lawo lamanzere, mmene munali karimoti kaja.

Tsiku lotsatira Tiza anabwerezanso, ndi linzake lomwe. Sankazimitsa nthawi zonse, koma pamene wafika pa funso lovuta. Ankadziuza kuti mayeso akatha adzasiya.

Masana ena, popita kukamwa madzi, anasuzumira pakatani ya pakhomo. Agogo anali atakweza dzanja lamanzere pafupi ndi nkhope. Ankafumbata zala n'kuzitambasula, kufumbata n'kutambasula, pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa chida chimene sakuchikhulupirira. Kenako anavula kachingwe kaja ndi mano, naika rimotiyo patebulo, n'kuikankhira kutali.

Kuyambira tsiku limenelo sanayatsenso nyimbo. Ngakhale TV ankadikira a Dailes kuti adzayatse madzulo. Masana ankangokhala, akuyang'ana msewu pawindo.

Tiza anawerenga bwino sabata imeneyo. Pa mayeso oyeserera a masamu anakhala pakati pa opambana, ndipo Lweendo anamutsina nati waona, nzeru zake zagwira. Tiza ataonetsa agogo pepalalo, iwo anagwedeza mutu nati wachita bwino, Tiza. Sanati Sajeni. Nshima yamasana anaidya theka, yotsalayo anati aivundikire.

4. Pansi pa Windo

Loweruka m'mawa Tiza ankachapa yunifolomu kuseri kwa nyumba, pansi pa windo la pabalaza. Amayi anali atanyamula kale chikwama chopita nacho kumsika pamene agogo anawaitana. Windo linali lotsegula.

"Dailes, khala pansi," agogo anatero. "Ndakhala ndikubisa, koma kubisa matenda ndi uchitsiru. Dzanja latsalali layamba kuchita zake. Ndimagwira rimoti, sindikumva kuti ndadina, koma nyimbo zimazima. Zimachitika masana, kukatentha, nthawi yomwe matenda aja oyamba anandigwetsa. Kapena ndi dzanja, kapena ndi mutu umene sukudziwanso chimene dzanja likuchita. Ili likapita, ndidzakhala mtolo. Koma usamuuze mwana. Amalize mayeso ake ndi mtima umodzi."

Manja a Tiza anaima m'beseni.

Anamva amayi ake akuimba foni kwa a Oliver. Analankhula nthawi yaitali, ndipo atadula anauza agogo zimene mchimwene wawo wanena: kuti zakwana, atate sangakhalenso m'nyumba imene masana mumatsala mwana yekha. Adzabwera mkati mwa sabata kudzawatenga, kuti azikakhala kwawo ku Lusaka, pafupi ndi madokotala.

Agogo anati safuna kupita. Anati akazi awo anaikidwa m'manda ku Kabwe konkuno, anzawo a ntchito ali konkuno, ndipo kwa Oliver kuli mpanda wautali woti munthu saona ngakhale wodutsa pamsewu. A Dailes anayankha kuti nawonso safuna, koma sangaseweretse moyo. Anatuluka akupukuta maso ndi chitenje, osaona mwana wawo kuseri kwa nyumba.

Lweendo anafika dzuwa litakwera, mabuku ali m'manja. Anapeza Tiza atakhala pamwala, yunifolomu ikadali m'madzi a sopo. Atamva nkhaniyo anatseka pakamwa ndi dzanja.

Kenako ananong'ona kuti rimotiyo ikhale m'kachitini mpaka kalekale, ndipo Tiza akhale chete. Nyimbo zikasiya kuduka, agogo adzaona okha kuti ali bwino.

"Sazaona," anatero Tiza. "Safuna na kuigwira. Aiyopa."

"Manje ba mami bako? Bazakupha."

"Niziba."

Lweendo anayang'ana pansi. Anati nzeruyo inali yake, choncho alowe naye limodzi kuti mlandu agawane. Tiza anamuthokoza, koma anati chala chimene chinadina ndi chake. Anapukuta manja m'siketi, nauza mnzakeyo kuti adzaonana Lolemba.

5. Batani Lachitatu

Anatenga rimoti m'kachitini, nalowa pabalaza. Agogo anali pampando wawo, akuyang'ana panja. Rimoti yawo inali patebulo pomwe anaikankhira paja.

Tiza anagwada pafupi ndi mpandowo. Anatambasula dzanja kuti agogo aone chimene wagwira, nadina batani lachitatu.

Kanyale kofiira kanayaka kuseri kwa kabati. Gitala anayamba kulira. Anadinanso, ndipo nyimbo inaduka.

Agogo anayang'ana rimoti ya patebulo. Anayang'ana ya m'manja mwa Tiza. Kenako anayang'ana dzanja lawo, limene linali chigonere pabondo osagwira kanthu.

"Bwereza," iwo anatero.

Tiza anabwereza, misozi ikugwera pa rimotiyo.

"Nine, Agogo. Masiku onse aja ninali ine, mu chipinda changa. Dzanja lanu lili chabe bwino. Ninamva vimene munauza amami."

Anafotokoza zonse: za phokoso, za pepala lofiira la sayansi, za kachitini. Dzina la Lweendo sanalitchule.

Agogo anatambasula dzanja lamanzere, nakoka rimoti yawo ndi kachingwe kake. Anayatsa TV, nazimitsa. Anayatsa dikoda, nazimitsa. Chilichonse chinawamvera. Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula thumba la chimanga, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Tiza sanadziwe ngati akuseka kapena akulira. Zinali zonse ziwiri.

"Ndiye dzanja langa ndalinamizira," iwo anatero akupukuta maso. "Sabata yonse ndakhala ndikulizenga mlandu, pamene wakuba ali kuseri kwa khoma, akudya nshima yanga."

Analoza kampando kamene kanali pafupi. Tiza anakhala, mutu uli pansi.

6. Mawu a Agogo

"Dzutsa mutu, Sajeni. Ndikufuna uzindiona pamene ndikulankhula.

"Ku jele masiwichi a malaiti sakhala mkati mwa selo. Amakhala panja, kwa ife. Nthawi ikakwana, lamulo limati tizimitse. Ndili watsopano pantchito, ndinkangofika n'kudina, mdima bii, ine n'kupitirira. Mkulu wina amene ankandiphunzitsa ntchito anandiitanira pambali. Anati, Daka, m'katimo muli anthu. Wina akusoka malaya, wina ali pakati pa pemphero. Gogoda kaye, uwauze kuti ukuzimitsa. Lamulo ndi lomwelo, mdima ndi womwewo, koma munthu amene wauzidwa amadziwa kuti akadali munthu. Ndinagogoda mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito.

"Iwe unali ndi chifukwa. Phokoso linalipo, sindikukana. Koma chitseko chili apa, ine ndili apa. Unasankha kundizimitsa ndisakudziwa. Ndipo taona kumene nkhani yafika. Iwe unkafuna chete wa masana okha, koma ine ndinayamba kutsanzikana ndi dzanja langa, mayi ako apita kumsika akulira.

"Dziko limene mukukuliramo ladzaza ndi tinthu totere, todina uli patali. Pafoni mumadina muli ku Kabwe, munthu n'kulira ali ku Ndola. N'zosavuta, chifukwa nkhope yake simuiona. Chala sichimva chisoni, mwana wanga. Maso ndiwo amamva. Chimene sungachite munthu akukuyang'ana, usamachite kuseri kwa khoma."

Tiza anavomera ndi mutu. Agogo anamwa madzi pang'ono, napitiriza ndi mawu ofewa.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga. Makutu awa anapuma ntchito ine ndisanawalole. Sindinadziwe kuti nyumba ikugwedezeka. Bwanji sunandiuze?"

Tiza anati anaopa kuwalanda chinthu chimene amachikonda, komanso anaona kuti si ulemu mwana kuuza wamkulu kuti achepetse wailesi.

"Ulemu wobisa mawu umabala mabodza," anatero agogo. "Ukanabwera n'kugwada monga wagwada leromu, n'kunena kuti Agogo, ndikuwerenga, ukuganiza ndikanasankha chiyani pakati pa gitala ndi sukulu yako? Nyimbo izi ndazimva zaka zambiri. Zikhoza kudikira. Mayeso ako sadikira."

Ali pakati pa kulankhula, chitseko chinatseguka. Anali amayi. Anabwerera msanga chifukwa manja ankakana kugwira makina osokera. Ataona rimoti yachiwiri patebulo, anaima chilili.

Tiza anagwadanso, nabwereza nkhani yonse. Nkhope ya a Dailes inasintha kangapo. Poyamba anathamangira kwa atate awo n'kugwira dzanja lija ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu anatuluka ngati matalala. Anamukumbutsa zimene anamuuza tsiku la kachitini, namufunsa ngati akudziwa kuti munthu wodwala sitiroko akhoza kugwa ndi nkhawa yokha.

Agogo anawalola kulankhula mpaka mpweya unawathera, kenako anakweza dzanja.

"Zakwana, Dailes. Mlandu ndaweruza kale. Wolakwa anabwera yekha, osagwidwa. Pantchito yanga yonse, otero ndinawaona ochepa."

Chilango chinali chotere. Masana alionse mpaka mayeso atatha, Tiza aziwerengera pabalaza, mokweza, agogo akumufunsa mafunso kuchokera m'buku. Akayankha bwino, agogo aziyatsa nyimbo imodzi, iye n'kuvina pamaso pawo. Akalephera, abwereze mutuwo. Ndipo rimoti yachiwiri isabwererenso m'kachitini. Ikhale pamwamba pa TV, poonekera aliyense.

"Kuvina ni chilango, Atate?" anafunsa a Dailes, akulimbana ndi kumwetulira.

"Sunamuone akuvina," anayankha agogo. "Ndi chilango kwa tonse."

Tiza anaseka misozi isanaume. Anawaveka agogo kachingwe kaja padzanja, ndipo iwo anamugwira mutu kwa kanthawi asanamusiye. Ananenanso kuti njala yawagwira, awaphikire mazira.

7. Hutala Pageti

A Dailes anatenga foni kuti auze a Oliver kuti zonse zili bwino. Foniyo inaitana mpaka kuduka. Anayesanso, koma sinayankhidwe. Anati mwina ali pantchito, adzayesa madzulo.

Tiza anabweretsa mazira ndi buku la sayansi. Agogo anadya zonse, kenako anaika bukulo pabondo n'kuyamba kufunsa za ziwalo za duwa, akutchula mawu achingerezi ndi liwu lolamula la paparedi. Tiza anayankha mafunso atatu molondola. Agogo anati malonjezo ndi malonjezo, nadina batani lachitatu.

Nyimbo isanafike pakati, panja panalira hutala.

A Dailes anasuzumira pawindo, ndipo kumwetulira kunachoka pankhope pawo. Pageti panaima galimoto ya a Oliver, yodzaza fumbi la msewu. Sanathe kudikira mkati mwa sabata. Mpando wakutsogolo unali utagonekedwa n'kuyalidwa bulangeti ndi mapilo, ndipo iwo anali kutsitsa masutukesi awiri opanda kanthu.

Agogo anazimitsa nyimbo okha.

"Oliver ndimamudziwa," anatero mwakachetechete. "Anatengera mayi ake. Akanyamuka kudzatenga chinthu, sabwerera chimanjamanja. Adzati nkhani ya rimoti mwaipeka kuti mundibise."

A Dailes anayamba kumanga chitenje kuti atuluke, koma Tiza anali ataimirira kale. Anatenga rimoti yachiwiri pamwamba pa TV, naifumbata.

"Khalani, Amami," iye anatero. "Geti nizatsegula ine."